Mpendero wa Nsalu Yachikasu

Pamsika wathu wa m'mawa, m'mphepete mwa msewu wopita ku Yasothon, panalibe munthu wa manja oyera kuposa Thongbai. Ankagulitsa papaya losinja ndi tsabola pamodzi ndi mpunga womata wa m'timitanga, ndipo mtengo wake sunkatsika ngakhale ubwere ndi misozi. Ukamunenerera ankakuyang'ana ngati wamupempha mwendo. Koma iye akapita kukagula, ogulitsa ankayamba okha kutsitsa asanatsegule pakamwa, pofuna kuti achoke msanga. Benchi langa la nsomba zovunditsa linayandikana ndi lake zaka zambiri, ndiye zimene ndikunenazi sindinazitole mumphepo.

Impso zake zinasiya ntchito kalekale. A chipatala anamuika kapaipi pamimba, m'munsi mwa mchombo, ndipo kanayi pa tsiku ankatulutsa madzi akale m'mimbamo n'kuthiramo thumba la madzi atsopano, madzi a shuga amene amayamwa zoipa za m'magazi. Amuna ake, a Khamdi, anamumangira kachipinda kuseli kwa nyumba kochitiramo zimenezi. M'menemo mphaka sankaponda, nkhuku sinkasuzumira, ndipo a Khamdi eniakewo ankathera pakhomo. Thongbai ankasamba m'manja mpaka zala kuchita makwinya. Akatulutsa madzi ankagoneka thumbalo pa kalendala ya kukachisi, ndipo manambala akaoneka bwinobwino kudutsa m'madzimo, ankadziwa kuti m'mimba muli mtendere.

Anzake a matenda omwewa ankagonekedwa m'chipatala mimba itadzaza mafinya, wina kawiri, wina katatu, koma iye ayi. Namwino wa odwala impso, Wilaiwan, ankachita kutumiza odwala atsopano kuti akaone kachipinda kaja. Zimenezi zinamukuza mtima Thongbai. Ankanena pamsika ponse kuti tizilombo ndi alendo, timabwera ndi fumbi, zikhadabo zakuda ndi ulesi, ndipo ukatseka chitseko timagona panja.

Chaka chimenecho mwana wake mmodzi yekhayo, Phairot, anabwerako ku Bangkok kumene ankanyamula anthu panjinga yamoto, n'kuvomera kumeta kuti akhale mmonke wa kukachisi, wovala nsalu yachikasu, nyengo yonse ya dzinja. Thongbai anali atamuumiriza mpaka mawu kusasa. Paja mayi amakwera kumwamba atagwira mpendero wa nsalu yachikasu ya mwana wake, ndipo mayi wa kapaipi pamimba sangamati chaka chamawa. Pa tsikulo mayi ndiye amadula tsitsi loyamba, ndiye amanyamula nsalu zachikasuzo pamzere wopita kukachisi, mudzi wonse ukuona. Thongbai anadziombera yekha nsalu ya silika yovala tsikulo, yotuwa ngati mkaka, ya maluwa ang'onoang'ono m'munsi. Akaipachika pakhonde, amayi ankapatuka panjira kudzaiona.

Tsikulo lili pafupi, anayamba kuona magazi akapita kuchimbudzi. Sanali ambiri, koma ankabwera mosapangana, mwina n'kudetsa nsalu ya mkati. Dokotala wa impso anati afunika kumuunika m'matumbo ndi kapaipi ka kamera kaja amalowetsa chakumbuyo, ndipo anamupatsa tsiku. Tsikulo linagwa mwambo wa Phairot utadutsa kale.

Thongbai anamukhalira Wilaiwan pakhomo ngati akugula nkhumba. Anati tsikulo ndi lakutali, alitsitseko. Wilaiwan anati mzere ndi wautali, ndipo munthu wa kapaipi saunikidwa mwachisawawa ngati anthu ena. Thongbai anati ndiye amuike pamalo pa wina amene alibe mwana wometa.

“Azakhali, ndimvereni,” anatero Wilaiwan. “Tizilombo timene ndikuopa ine si ta m'zikhadabo ayi. Tili m'matumbo mwanu momwemo, ndi tanu. Akalowetsa chounikira n'kudula kanyama, timadutsa pakhoma la thumbo n'kugwera m'madzi a shuga aja. Ndiye patsikulo mudzabwera m'mimba muli mouma, tidzakubayani kaye mankhwala opha tizilombo, kenako akuunikeni. Pakali pano muzivala thewera lamkati. Palibe adzadziwe.”

“Thewera pansi pa silika? Iwe mwana, amayi ako akadali moyo?”

“Ali moyo, azakhali.”

“Ukawafunse ngati angayende kutsogolo kwa mudzi wonse atanyamula nsalu zopatulika, kumbuyo kukudontha.”

Wilaiwan anangobwereza kuti asalole wina aliyense kumulowetsa chilichonse m'matumbo a impso asakudziwa. Thongbai anavomera ndi mutu monga amavomerera munthu amene wapeza kale kwina kotsika mtengo. Ali m'galimoto pobwerera anauza a Khamdi kuti kamtsikanako kakufuna kuphunzitsa nsomba kusambira. Iye zaka zonsezi sanadwalepo m'mimba, ndiye wina amuuze za tizilombo?

Amene anamusonyeza njira yachidule anali mlamu wake Bualoi, mlongo wa a Khamdi, mayi wodziwa khomo lililonse la m'tauni. Awiriwa sankagwirizana kwenikweni, koma ankafunana ngati mtondo ndi munsi. Bualoi anati kuli kachipatala kolipira, kozizira bwino, ka nsomba zosambira m'galasi pakhomo, komwe amaunika munthu sabata yomweyo. Anawonjezera kuti ngati magaziwo sasiya, iye sangakane kunyamula nsalu za mwana wa mchimwene wake, poti Phairot anamubereka kumsana nayenso. Mawu amenewo ndiwo anamaliza nkhani. Thongbai anati bola afe kusiyana n'kuona Bualoi akuyenda kutsogolo kwa mwana wake.

Anamwa mankhwala otsuka matumbo kutatsala tsiku limodzi kuti akamuunike, monga anamuuzira a kachipatalako. M'mawa mwake analowa m'kachipinda kake, anasamba m'manja, anatulutsa madzi, n'kuthiramo thumba latsopano lodzaza. Chiyambire anali asanadumphepo ngakhale kamodzi, ndiye akanayamba bwanji tsiku limenelo? Ananyamuka mimba ili ndendende.

Dokotala wa kumeneko atavundukula malaya n'kuona kapaipi, anaima kaye. Anafunsa ngati a impso akudziwa. Thongbai anati ndi iwowo amutuma, poti makina awo awonongeka. Anafunsa ngati amubaya mankhwala. Anati anamubaya m'mawa womwewo, n'kusonyeza pamkono pomwe anamutengera magazi sabata yatha. Anafunsa za madzi. Thongbai anati zonse zachitika, ndipo ngati adokotala ali ndi mafunso ambiri chonchi, iye adziwa kachipatala kena tsidya la msewu. Munthu amene wakhala moyo wonse akugonjetsa ogulitsa nkhanu sangalephere kugonjetsa dokotala wachinyamata amene ali ndi anthu ena panja.

Anamupeza ndi kanyama kakang'ono kolendewera m'thumbo, ngati njerewere, ndipo anakadula n'kukatumiza kokayeza. Magazi analeka tsiku lomwelo. M'mawa mwake Thongbai anafika pamsika akuseka, n'kuuza aliyense kuti a chipatala chachikulu amaika masiku atali kuti aoneke otanganidwa. Anasinja papaya tsiku limenelo mtondo kumveka mpaka kumsewu.

Sipanapite masiku ambiri, thumba linatuluka la mbuu ngati madzi oviikamo mpunga. Analigoneka pa kalendala, manambala osaoneka. Analitembenuza, analiyang'anitsa pawindo, koma mbuu yemweyo. Ndipo m'mimba munayamba kuluma chapansipansi.

Apa mpamene nzeru zake zinamupereka. Sanaganize za kachipatala kozizira kaja ngakhale pang'ono. Anati mphaka walowa. Anatsuka kachipinda konse, makoma ndi denga lomwe, anawiritsa matawulo, anadula zikhadabo mpaka kutuluka magazi, ndipo anauza a Khamdi kuti akataye mphakayo kumunda wa mpunga. Mphaka anapita, koma thumba lotsatira linatuluka loipa kuposa loyamba, muli timinyiziminyizi toyandama. Iye ankatseka chitseko ndi mphamvu zake zonse, chonsecho wakuba anali m'nyumba kale.

A Khamdi analiona thumbalo akukalikhuthula kuchimbudzi. Anali munthu wofatsa, amene anazolowera kuti mawu omaliza m'nyumbamo si awo, komabe anatenga foni nati aimbire Wilaiwan.

“Imbani,” anatero Thongbai. “Akandigoneka, nsalu anyamula mlongo wanu. Mwina n'zimene mukufuna pamtundu panu.”

“Mayi ake a Phairot, thumbalo si labwino.”

“Thumba ndi langa, mimba ndi yanga. Mwana akangolowa m'kachisi, mundinyamule mukanditule kulikonse. Lero ayi.”

A Khamdi anaika foni pansi n'kupita kukaona za matenti ndi mipando. Thongbai anatuma munthu kusitolo ya mankhwala kukagula mapiritsi oletsa ululu, n'kumawameza ngati mtedza. Ululu unkagona pang'ono, koma tizilombo sitinagone. Tinapeza madzi a shuga ofunda, osinthidwa kanayi pa tsiku ndi manja oyera, ndipo tinaswana ngati udzudzu m'mtsuko.

Tsiku lomaliza kubwera kumsika anangokhala pampando munsi uli pamiyendo, nkhope itachita phulusa, thukuta lili kamukamu mphepo ikuomba. Wogula wina anamunenerera mtengo, iye n'kuvomera pomwepo. Nditaona zimenezo ndinadziwa kuti zinthu zafika poipa. Ndinamuuza mosapsatira kuti akununkha chipatala, apite. Anandiyankha kuti munthu wogulitsa nsomba zovunda asamalankhule za fungo la ena. Ndinamusiya. Ndikanatani, ndimumange?

Tsiku la mwambo linacha bwino, mitambo ya mvula ili kutali. Pabwalo panadzaza anthu, ng'oma zazitali zikulira, amayi akuvina manja m'mwamba, amuna ayamba kale kachasu wa mpunga. Phairot anakhala pampando pakati pa bwalo atanyamula tsamba lalikulu lolandirira tsitsi. Thongbai anatuluka atavala silika wake uja, ndipo anthu anang'ung'udza poyamikira. Anthuwo sanadziwe kuti iye sanathe kumanga lamba, poti mimba inali gwa ngati ng'oma, yosafuna ngakhale nsalu kuikhudza. Anaigwiriza ndi mapini awiri. Ankayenda chowerama pang'ono, ndipo anthu ankati ndi ulemu.

Anamupatsa lumo. Anagwira tsitsi la mwana wake n'kudula pang'ono. Phairot anakweza maso.

“Amayi, dzanja lanu likutentha.”

“Khala chete, iwe. Ometa salankhula.”

Atamaliza kumumeta mutu ndi nsidze, anamuveka zoyera n'kumukweza pagalimoto yokongoletsedwa, ndipo mzere unayamba. Thongbai anali kutsogolo, mbale ya nsalu zachikasu ili m'manja. Njira yochokera kwawo kupita kukachisi si yaitali, nkhalamba imayenda osapumira. Iye anadutsa sitolo, anadutsa pasukulu, milomo italumana. Denga la kachisi linali likuoneka pamwamba pa mitengo ya mango pamene mphamvu zinamuthera. Sanagwe msanga ayi. Anayamba wayang'ana uku ndi uku kufuna woti amupatse mbale kuti nsalu zisakhudze dothi, ndipo amene anali pafupi anali Bualoi. Anamupatsa ndi manja ake awiri. Kenako anagwada, n'kusanza zobiriwira pa silika yense, kuyambira pachifuwa mpaka pamaluwa a m'munsi, mudzi wonse ukuona.

Ng'oma zinaleka pang'ono, kenako zinayambanso chapansipansi. Mwambo sukanaima, poti amonke anali atakhala kale m'kachisi ndipo zonse zinayenera kutha dzuwa lisanafike paliwombo. Phairot anafuna kutsika pagalimoto, koma amayi akewo ali pansi anamuloza ndi chala kuti akhale pomwepo. Anthu anamukweza Thongbai kumbuyo kwa galimoto imene inabweretsa madzi oundana, a Khamdi atamugwira mutu. Galimotoyo inalowera kumsewu wa m'tauni, mzere n'kulowera kukachisi, Bualoi ali kutsogolo.

Kuchipatala Wilaiwan sanakalipe. Anayang'ana thumba limene anatulutsa, lomwe tsopano linali ngati phala la madzimadzi, n'kufunsa funso limodzi lokha, ngati wina anamuunika m'matumbo. Thongbai anatembenukira kukhoma. A Khamdi ndiwo anayankha, ndipo atafunsidwa kuti thumba linayamba liti kuchita mbuu, anayankha akuyang'ana pansi.

Anamuthira mankhwala m'matumba ndi m'mitsempha momwe, koma tizilombo ta m'matumbo si timodzi, ndipo tinali titamanga kale midzi. Malungo sanatsike. Mapeto ake anamutengera kochita opaleshoni, anazula kapaipi kaja, n'kutsuka mafinya m'mimba monse. Anakhala masiku ambiri osadziwa kuti kwacha kapena kwada. Tsiku limene dokotala wa impso anamupatsa lija, lomwe ankati ndi lakutali, linamupeza ali gone pabedi pomwepo, mapaipi ali m'mphuno. Zotsatira za kanyama kaja nazo zinabwera. Kanali kopanda vuto, koti kakanadikira mpaka mpunga kukololedwa.

Atatsitsimuka anafunsa kuti amubwezera liti kapaipi kake. Dokotala anamuuza kuti kansalu ka m'mimba kamene kankasefa madzi kapsa ndi mafinya, kachita zipsera, sikadzagwiranso ntchito. Kuyambira pamenepo magazi ake azisefedwa ndi makina m'tauni, katatu pa sabata, kudzera pa paipi ya pakhosi. Thongbai anayesa kunenerera, mwa chizolowezi. Anati bwanji kawiri. Anati bwanji ayesenso kapaipi kena, iye asamala kuposa kale. Dokotala anangopukusa mutu. Thupi si msika.

Phairot anabwera kudzamuona ali m'chipatala momwemo. Analowa m'chipinda cha odwala ali chosavala nsapato, mutu uli mbee, nsalu yachikasu ikuwala pakati pa mabedi, ndipo odwala ena amene akanatha anakweza manja pamphumi. Anaima kumiyendo kwa bedi. Thongbai, yemwe moyo wonse ankamuitana kuti iwe, anafunafuna mawu kukamwa.

“Mwadya kodi?” anafunsa.

“Ndadya, mayi.”

“Nsaluyo anakupatsani bwino azakhali anu? Sanaigwetse?”

“Sanaigwetse.”

Thongbai anamuyang'ana. Mpendero wa nsaluyo unali pafupi, ukulendewera pachitsulo cha bedi. Dzanja lake lotupa ndi madiripi linayamba kukwawa pabulangete pang'onopang'ono kulowera komweko. Phairot analiona. Mmonke sakhudzidwa ndi mkazi, ngakhale amene anamubala, ndipo m'chipindamo maso onse anali pa iye. Anasuntha phazi limodzi m'mbuyo, mpendero n'kuchoka pachitsulo. Dzanja lija linaima pomwe linafika. Phairot anatseka maso n'kuyamba kumuimbira mawu a madalitso, ndipo Thongbai anabweza dzanja lake n'kuliphatikiza ndi linzake pachifuwa, monga amachitira mayi aliyense wa m'mudzi mmonke akamadutsa.

Lero benchi lake pamsika lili ndi mtsikana wina amene amatsitsa mtengo ukangomumwetulira. Kachipinda koyera kaja a Khamdi amasungiramo matumba a mpunga, ndipo mphaka anabwerako yekha kumunda, amagona momwemo. Masiku a makina Thongbai amanyamuka kusanache, n'kubwerako madzulo ali lende ngati nsalu yofinyidwa, ndipo tsiku lotsatira amalithera pamkeka pansi pa nyumba yawo yomangidwa pamizati italiitali. Silika uja anachapidwa kangapo koma banga silinachoke. Pakhoma la Bualoi pali chithunzi chachikulu cha mzere wa tsikulo, iye ali kutsogolo ndi mbale ya nsalu zachikasu, ndipo aliyense wobwera amamusonyeza.

Thongbai ankaopa kadontho kamodzi kumbuyo kwa nsalu, komwe thewera likanabisa. Akanadikira tsiku lake, akanalowa m'kachisi ndi miyendo yake, n'kupereka nsaluzo ndi manja ake, ndipo lero bwenzi akundinyoza za nsomba zanga pamsika. Iye anadula njira, n'kuthera pomwe denga la kachisi limayambira kuoneka. Akuluakulu sananame: kuthamanga sikufika.